Ndikufuna Kuwonjezera Magetsi, Mkazi Wanga Akuti Ndipite Ndekha

Aphungu,

Ndine mlimi wopuma pa ntchito. Munda wa chimanga ndi mpendadzuwa ndinausiyira mwana wanga wamkulu, ndipo kulembera nyuzipepala si khalidwe langa. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo langali landilemera. Nkhani yake ndi ya magetsi, ngakhale muona kuti mwalowanso mkazi wanga Breggie.

Tili ndi galimoto yogonamo, ija yokhala ndi bedi, kakhitchini ndi kabafa m'kati. Ndi yakale, pachitunda imayenda mwaulemu, n'chifukwa chake adzukulu anaipatsa dzina loti Kamba. Disembala aliyense, kuyambira ana athu ali m'matewera, timatsikira kunyanja, kupaki yathu ya nthawi zonse ya magalimoto ogonamo kufupi ndi Scottburgh. Tinayamba ndi matenti, kenako ngolo yogonamo yokoka ndi galimoto, lero Kamba. Malo athu ndi omwe aja, mzere wachiwiri pansi pa mkuyu, ndipo oyandikana nawo ndi omwe aja, a Lategan kumanja, a Swanepoel kumanzere. Ana athu atatu amabwera ndi mabanja awo, amakhoma matenti mozungulira Kamba, masana amathera m'madzi, ndipo onse amadya kwa ife. Kwa ine Disembala ndiye chaka, miyezi ina yonse ndimangodikira.

Vuto ndi ili. Polo ya magetsi ya paki imapereka mphamvu ya ma ampu khumi ndi asanu pa malo alionse, ndipo breka ya m'Kamba, kaswichi kozimitsa magetsi katundu akachuluka, ndi ya mlingo womwewo. M'mawa zonse zimayenda bwino, masana chimodzimodzi. Koma dzuwa likangopendeka, ine ndi ana anga tikubwera kowedza, Breggie atayamba kukonza chakudya chamadzulo, mumangomva kuti thwa! Zonse zii. Ndithamangire kupolo, ndikweze breka, ndisanakhale n'komwe pansi yagwanso.

Ndiye Breggie amatuluka akupukuta manja, n'kunena kuti, "Abambo, Kamba wanu wakomokanso. Nyama ili m'beseni umo, kolezani moto, ine zandikanika." Mwambo wathu mukuudziwa: chapamoto wa nkhuni ndi cha amuna, mkazi sagwira chopanira nyama pali mwamuna wamoyo. Basi timakoleza, timawotcha soseji ndi nthiti za nkhosa, mbatata timakulunga n'kukwirira m'makala. Iye amakoka mpando n'kukhala panja, miyendo atasanjika pabokosi la ayezi. Ine mtima umandiwawa ndikamuona chonchi, poti munthu anali atakonzeka kuphika bwinobwino koma magetsi amuchititsa manyazi pamaso pa apongozi ake.

Chodabwitsa n'chakuti matendawa ndi opatsirana. Yathu ikangogwa, posakhalitsa ya kwa a Lategan yagwa, kenako ya kwa a Swanepoel, mpaka mzere wonse utsi uli tolotolo, azimayi onse asonkhana pansi pa mkuyu akuseka. Amunafe tinapita kwa woyang'anira paki, a Ngcobo, kukadandaula kuti mawaya awo ndi owola. Anabwera ndi kachipangizo kawo, anayeza polo ndi polo, kenako anati, "Akuluakulu, mapolo anga alibe mlandu. Matendawa ali m'nyumba mwanu." Anatero akuyang'ana kumkuyu, ndipo Breggie anawaitana n'kuwapatsa khofi ndi mabisiketi mbale yodzaza.

Palinso china chimene sindinauzepo munthu. Kangapo ndikakweza breka ndimamva kulira m'kabafa. Kulowamo, chowumitsira tsitsi chili pambedza, chikupemerera khoma, mulibe munthu. Tsitsi la Breggie ndi lalifupi, ndiponso limakhala louma. Ketulo nayo imakhala ikuwira popanda wopempha khofi. Nditamufunsa anangoti, "Ii, ndinaiwala. Ukalamba, abambo." Kunena zoona ndili ndi mantha kuti mwina mutu wayamba kumuthawa.

Chaka chino ndinati zakwana. Mlamu wanga Stoffel anagwirapo ntchito m'migodi ku Welkom, ndipo palibe chimene sachidziwa. Iye anati, "Alamu, mukuvutikiranji? Chotsani kabreka kamantha ako, ikanipo ya ma ampu makumi atatu. Ya papolo muimange ndi kawaya isamagwe. Ine yanga ndinatero kalekale." Ngolo ya Stoffel inapsa chaka china, koma akuti inali mphenzi.

Ine ndinafuna kuchita zoposa pamenepo, poti tsiku lokumbukira ukwati wathu linali pafupi. Ndinagula mawaya, breka yaikulu, uvuni waukulu, mbaula yamagetsi ya miphika iwiri, firiji yachiwiri, timakina tochapira zovala ndi simbi yamagetsi. Ndinaziyala bwinobwino m'galaja, ndinamulowetsa nditamutseka m'maso ndi manja anga, kenako ndinati, "Amayi, onani! Chaka chino muphika ngati muli kunyumba. Breka sidzakuvutaninso."

Anayang'ana nthawi yaitali. Ananyamula simbi ija, anaitembenuza, n'kuiikanso pansi.

"Ngati ndili kunyumba," anatero. "Ndiye ndingokhala kunyumba komweko, abambo, n'kupulumutsa mafuta. Mukangolowetsa zimenezi m'Kamba, inu ndi ana anu mupite. Ine mudzandipeza."

Sanakuwe, Aphungu. Breggie akakuwa ndimadziwa kuti pofika mawa zitha. Koma akalankhula motsitsa mawu ndiye kuti wamanga mfundo. Kuyambira tsikulo nkhani ya Disembala saiyankha, ndikaiyamba amapita kukathirira maluwa. Anzake akamuimbira kumufunsa kuti tinyamuka liti, amati, "Funsani abambo, ndi amene ali ndi magetsi."

Ndagwira njakata. Popanda Breggie sindingapite, sindinagonepo m'Kamba iye kulibe, ndipo pamsinkhu wangawu sindidziwa kuti ma Disembala anditsalira angati. Chonde ndithandizeni. Kodi mphamvu ya magetsi m'galimoto ngati yathu amaiwonjezera bwanji? Kodi njira ya Stoffel ndi yoona? Ndimuuze bwanji mkazi wanga kuti zonsezi ndachita chifukwa chomukonda? Nanga za kuiwalazi, ndipite naye kwa dokotala?

G.J.S., Bothaville

A G.J.S.,

Tiyambe ndi nkhani yabwino. Kwa dokotala musapite. Mutu wa mayi Breggie uli bwino kwambiri, mwina kuposa mitu ya amuna onse a mzere wachiwiri mutaiphatikiza pamodzi. Khalani pansi, kokani mpweya, tiwerengere limodzi.

Polo ikukupatsani ma ampu khumi ndi asanu. Ketulo yokha imadya pafupifupi asanu ndi anayi. Kauvuni ka m'galimoto kamadya asanu ndi limodzi kapena kupitirira pang'ono. Apa mwafika kale pakhosi, firiji tisanaiwerenge. Ndiye wina akayatsanso chowumitsira tsitsi, chimene chimadya asanu ndi atatu, breka ilibe kochitira, igwe basi. Masamu amenewa mayi aliyense amene wakhalapo m'paki amawadziwa asanathe Disembala wake woyamba. Akazi anu akhala m'mapaki kuyambira nthawi ya matewera. Inu mukuganiza kuti munthu woiwala angamaiwale tsiku ndi tsiku nthawi imodzimodzi, ndendende pamene inu mwatulukira ndi mbedza zanu, nyama itaikidwa kale m'beseni?

Ndinene mosabisa, ngakhale azimayi a m'mapaki onse andikalipira chifukwa choulula: breka ija sikugwa yokha, ikugwetsedwa. Ndipo a Ngcobo akudziwa. Mabisiketi aja sanali aulere.

Musapse mtima, ganizani kaye chifukwa chake. Werenganinso kalata yanu. Inu mumawedza. Ana anu ndi mabanja awo amathera m'madzi. "Onse amadya kwa ife," mwatero. Kwa ife kwake ndi kwa yani? Ndani amadzuka kukazinga mazira a khamu lonselo, kutsuka mbale m'kasinki kosakwana mphika, kupukuta mchenga, kupaka mabuledi a masana? Kwa inu Disembala ndi tchuthi. Kwa mayi Breggie ndi ntchito yomwe ija ya ku Bothaville, kungoti khitchini yachepa, odya achuluka, kunja kukutentha. Nthawi yokhayo imene amakhala pampando n'kuona nyanja ndi pamene magetsi afa, chifukwa mwambo wanu umati moto wa nkhuni ndi wa amuna. Sanafune kukangana nanu, sanafune kuoneka aulesi pamaso pa apongozi, ndiye anapeza njira yopumira popanda wina kuchita manyazi. Anzawo anaona kuti ndi nzeru, n'kutengera.

Ndiye inu, ndi mtima wanu wabwinowo, mwabwera kudzatseka kakhomo kokhako kothawira. Pa tsiku lokumbukira ukwati wanu mwawagulira simbi! Abambo, simbi? Ndani amasita kabudula wosambira? Kuti mumawakonda sindikukayika, kalata yanu yonse ikununkhira chikondi. Koma safunsa anadya phula. Pa katundu yense munayala m'galaja, palibe ngakhale chimodzi chopumitsa munthu. Chilichonse chikuti, "Imirira, gwira ntchito."

Tsopano za Stoffel. Mlamu wanu mumukonde, mumuitane pa Khirisimasi, koma asakhudze Kamba. Breka si yamantha, ndi mlonda wa waya. Mawaya a m'makoma a galimoto yanu anawayeza kuti anyamule mlingo wa breka imene ilipoyo. Mukaika ya makumi atatu, wayayo sakula, amangotentha kuseri kwa matabwa kumene simukuona, pafupi ndi botolo la gasi ndi matenti a adzukulu anu. Komanso mungasinthe breka ya m'kati kakhumi, polo idzakupatsanibe khumi ndi asanu omwe aja. Za kumanga breka ya papolo ndi kawaya musaziyese n'komwe. Polo si yanu, ndipo a paki akakugwirani malo a pansi pa mkuyu mwawatsanzika. Mphenzi ija inagwera ngolo ya Stoffel ndikuidziwa, imakonda kwambiri anthu odziwa zonse.

Ngati mphamvu yowonjezera ikufunikadi, njira yake ilipo, koma imayambira kupaki, osati m'galaja mwanu. Imbirani a Ngcobo muwafunse ngati amalola kugwiritsa ntchito soketi yachiwiri pa malo amodzi, kapena ngati ali ndi mapolo a mphamvu yokulirapo. Akakana, nkhani ya mawaya yathera pomwepo, musawononge ndalama. Akavomera, pitani ndi Kamba kwa mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso, amene anazolowera magalimoto ogonamo. Iye aike polowera magetsi pachiwiri, pokhala ndi waya wakewake wonenepa, breka yakeyake, ndi swichi ija yozimitsa magetsi akayamba kuthawira m'chitsulo. Njira yachiwiriyi inyamule chinthu chimodzi cholemera, monga makina oziziritsa mpweya, ndipo isakumane paliponse ndi mawaya akale. Akamaliza akupatseni satifiketi, chifukwa popanda imeneyo a inshuwalansi adzakuyang'anani ngati sakukudziwani.

Koma nthawi zambiri mankhwala si kuwonjezera, ndi kuchepetsa katundu wa polo. Chilichonse chotenthetsa ndicho chimadya magetsi. Madzi a khofi wiritsani pa gasi. Madzi osamba nawonso a gasi. Mababu akale sinthani muike aja osadya magetsi. Mukafuna kuwononga ndalama mwanzeru, ikani sola padenga ndi mabatire abwino, kuti firiji, nyali ndi fani zisadalire polo. Inveta, kachipangizo kosandutsa mphamvu ya mabatire kukhala magetsi a m'nyumba, nayo iikidwe ndi mmisiri wachiphaso, kuti isabweze magetsi kupolo n'kuvulaza munthu amene akukonza kumeneko.

Chingwe chochokera kupolo chikhale chonenepa, chopangidwira panja, ndipo muzichitambasula chonse. Chikakhala chokulungidwa chimatentha chokha. Pulagi ikayamba kuda kapena kununkha ngati pulasitiki wopsa, itayeni tsiku lomwelo. Mukangofika papaki, dinani kabatani koyesera swichi yoteteza ija muone ngati ikuzimitsadi. Zimenezi ndi ntchito zanu, ndipo ndikudziwa kuti muzisangalala nazo.

Koma zonsezi zibwere pambuyo. Choyamba, katundu wa m'galaja abwerere kusitolo, kuyambira ndi breka ya Stoffel. Chachiwiri, imbirani ana anu atatu. Ndi anthu aakulu, ali ndi manja awiriawiri, akazi awo ndi amuna awo chimodzimodzi. Banja lililonse litenge tsiku lake la chakudya cham'mawa ndi mbale zake. Akadandaula, muwauze kuti mayi awo anawaphikira patchuthi kuyambira asanamere mano, ndipo chaka chino ndi nthawi ya mayiwo yokhala pampando. Madzulo onse akhale a moto wa nkhuni, magetsi alipo kapena palibe. Palibe lamulo limene limati mwamuna akoleze moto pokhapokha breka itagwa.

Chachitatu, mukatha zimenezi, afunseni mayi Breggie kuti iwo akufuna chiyani m'Kamba. Afunseni n'kutseka pakamwa. Mwina adzati kafani pamutu pa bedi ndi nyali yowerengera buku. Mwina adzati makina oziziritsa mpweya kuti azigona masana, ndipo apo ndiye mudzapite kwa mmisiri mokondwa. Mwina adzati palibe. Chimene anene chikhale chomwecho, musawonjezerepo kanu.

Chenjezo langa lili pawiri. Chowumitsira tsitsi chosiyidwa choyaka m'kabafa kopanda munthu si choseweretsa, tsiku lina breka idzachedwa kugwa pafupi pali thaulo. Masewerawa ayenera kutha. Koma simuwathetsa powaimika mayi Breggie pabwalo n'kunena kuti, "Ndakugwirani!" Mukatero mudzapambana mlandu, koma kunyanja mudzapita nokha. Muwathetse powachotsera chifukwa chake. Ndiponso nkhaniyi musakaifotokoze kwa a Lategan ndi a Swanepoel ngati mwatola chikwama. Iwo akakuonani mukukoleza moto magetsi ali ngwee, adzafunsa okha, ndipo muzidzangowauza kuti nyama ya pankhuni imakoma.

Tsiku lomwe mubweze katundu n'kuimbira ana, mayi Breggie akamathirira maluwa, pitani mukagwire payipi. Muwauze kuti, "Amayi, katundu uja ndabweza, ana ndalankhula nawo, ndipo chaka chino madzulo onse ndi anga. Tiyeni kunyanja, popanda inu sindipita." Akakhala chete, musadzaze mpatawo ndi nkhani za ma ampu, dikirani. Akaseka, kathireni mafuta m'Kamba. Akakufunsani kuti wakutsinani khutu ndani, ine simundidziwa.

Phungu wanu